Kudula Makina a Magemu Kuti Akwane M'manja

Sendezani wailesi pafupi.

Lero tikamba za makina a magemu. Makolo, musafulumire kusintha siteshoni. Ndikudziwa kuti ena mukamva za magemu mumaganiza za ana othawa sukulu. Koma nkhani ya lero ndi ya umisiri. Ndi nkhani ya manja, mutu ndi kudekha.

Tiyambe ndi zimene tonse tinaonapo. M'matauni ndi m'misika yathu muli tizipinda ta magemu. M'katimo mumakhala TV, benchi, ndi kabokosi kali pansi pa TV. Anyamata amalipira, n'kutenga mapadi, n'kuyamba kumenya mpira wa pasikirini. Kabokosi kaja kamakhala PlayStation, kapena Xbox, kapena Wii, malinga ndi kampani imene inapanga. Makina amenewa anawapangira malo amodzi. Amafuna TV. Amafuna soketi. Magetsi akangothima, gemu yathera pomwepo, ngakhale wina anali pafupi kumwetsa chigoli.

Tsono kuli anthu amene analiyang'ana bokosi limeneli n'kudzifunsa kuti, kodi silingachepe? Kodi silingakhale ndi sikirini yakeyake, batire lakelake, mabatani akeake, munthu n'kumayenda nalo? Sanalekere pofunsa. Anatenga sikuludiraiva n'kulitsegula.

Mundimvetse bwino apa. Sindikunena zoika magemu akale m'foni. Zimenezo ziliko, ndipo tizikhudza kutsogoloku. Ndikunena zotenga makina enieniwo, kuwaphwasula, kudula bolodi yake, n'kuwamanganso m'kabokosi kokwana m'manja awiri. Inde, kudula. Ndi sowo.

Tibwerere m'mbuyo pang'ono, tione kumene zinachokera.

Ku America, m'chigawo cha Wisconsin, kuli bambo wina dzina lake Ben Heckendorn. Ambiri amangoti Ben Heck. M'chaka cha 2000, iye anatenga makina akalekale otchedwa Atari 2600. Makina amenewa anatuluka mu 1977, ndipo pofika nthawiyo anali atachoka kale m'fasho. Mukatsegula Atari mupezamo chiyani? Bokosi lake ndi lalikulu ndithu. Koma ntchito yeniyeni imagwiridwa ndi tizipangizo titatu tokha, tija amisiri athu amati ma IC. Kwinako ndi masiwichi, mawaya ndi malo opanda kanthu.

Ben Heck anachepetsa bolodi ija. Anaipatsa kasikirini. Anaipatsa mabatire. Anaipangira chikuto chatsopano, n'kusiya kapolowera kaseti ya gemu. Zithunzi zake zitafika pa intaneti, anthu anachita nazo chidwi kwambiri. Mu 2005 anatulutsa buku lophunzitsa ena luso limeneli, lotchedwa Hacking Video Game Consoles. Pambuyo pake anasandutsa Xbox 360 kukhala chinthu chopinda ngati laputopu.

Koma pa ntchito zake zonse, imene imandikhudza mtima ndi iyi. Anayamba kupanga mapadi ogwira ndi dzanja limodzi, opangira anthu olumala ndi amene anaduka mkono. Ganizani bwino. Kampani inapanga padi ya manja awiri, basi. Munthu wa dzanja limodzi anangotsala panja. Amene anamutsegulira khomo ndi mmisiri amene anali atazolowera kale kutsegula zinthu n'kuziona m'kati. Nchifukwa chake ndikuti nkhaniyi si yachibwana.

Mwina mukufunsa kuti, nanga makampani eni akewo sanaganizeko zimenezi? Anaganiza. Mu 1995 kampani ya Sega inatulutsa makina otchedwa Nomad ku North America. Anali makina awo a pa TV aja, a Genesis, amene kumayiko ena ankatchedwa Mega Drive, koma owachepetsa kuti akwane m'manja. Kaseti yake inali yomweyo. Sikirini yake inali ya mitundu. Vuto linali chiyani? Mabatire. Nomad inkadya mabatire asanu ndi limodzi, n'kuwamaliza m'maola ochepa chabe. Pomwe Game Boy ya Nintendo, imene inatuluka mu 1989, inali ndi sikirini yopanda mitundu, koma mabatire ake anayi ankakhalitsa. Anthu ambirimbiri anagula Game Boy. Nomad sinayende malonda.

Sungani mfundo imeneyo. Makina a pa TV amadya magetsi mosaumira, chifukwa amayamwa kukhoma. Ukawachotsa kukhoma, njala yawo imaonekera.

Tsopano tilowe m'kati mwa ntchito yeniyeniyo. Titenge chitsanzo cha Wii, makina a Nintendo amene anatuluka mu 2006. Amisiri a luso limeneli amawakonda kwambiri. Zifukwa zake n'zomveka. Anagulitsidwa oposa mamiliyoni 100 padziko lonse, ndiye akale sasowa. Sadya magetsi ambiri poyerekeza ndi makina anzawo a pa TV. Komanso amatha kuseweranso magemu a makina ena akale, a GameCube.

Choyamba kuchoka ndi chowerengera chimbale. Ndicho chimatenga malo aakulu m'bokosimo. Chili ndi mota, chili ndi lens, chimazungulira, chimadya magetsi. M'malo mwake magemu amaikidwa pa memory card kapena pa fulashi. Koma pali dongosolo lake. Mmisiri amayamba waika pulogalamu yothandiza makinawo kuwerenga magemu popanda chimbale. Amaika makina akadali athunthu, akugwira ntchito bwinobwino. Akayesa n'kuona kuti zikutheka, m'pamene amagwira sowo. Wothamangira kudula asanakonze zimenezi amadzipezera mavuto. Paja kuthamanga sikufika.

Kenako pamabwera kudula bolodi. Apa ndiye pali mutu wa nkhani yathu.

Mukudziwa zimene timachita tikagula jekete lalikulu pakaunjika. Timapita nalo kwa telala. Telala wodziwa ntchito amabweza m'mbali, amafupikitsa mikono, koma mapewa ndi kolala sazigwira chisawawa. Amadziwa podula. Amadziwanso posadula. Ndipo sizasi ikangodutsa, nsalu sibwerera. Ndi mmenenso zilili ndi bolodi. Luso lagona podziwa podula.

Bolodi ija mumaiona yobiriwira, yopyapyala, ngati ndi chinthu chimodzi. Si chimodzi ayi. M'kati mwake muli magawo osanjikizana, ndipo gawo lililonse lili ndi tinjira take ta mkuwa todutsamo magetsi. Mabolodi a Wii oyambirira ali ndi magawo asanu ndi limodzi. Apambuyo pake ali ndi anayi, ndipo amenewa ndi amene amisiri amasakasaka, chifukwa amadya magetsi ochepa, satenthanso kwambiri. Tinjira ta pamwamba mumationa ndi maso. Nanga ta m'katimo? Simungatione. Ndiye munthu adziwa bwanji podutsitsa sowo?

Yankho lake n'losangalatsa. Kunapezeka anthu amene anapereka mabolodi awo kuti aonongeke dala. Anawapala pang'onopang'ono, gawo ndi gawo. Akapala gawo limodzi, amalijambula chithunzi. Akapalanso lina, amalijambulanso. Mapeto ake anakhala ndi mapu a bolodi yonse, oonetsa kumene kanjira kalikonse kakuchokera ndi kumene kakupita. Mapu amenewo anawaika poyera kuti aliyense aone, mwaulere. Kampani sinawapatse. Anadzipezera okha, mothandizana, ngakhale ambiri a iwo sanaonanepo maso ndi maso. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.

Tsono yerekezani kuti mwaima pambali pa mmisiri tsiku lodula. Wajambula mzere pabolodi potsatira mapu aja. Wamata tepi pamwamba pa tizipangizo tofunika, kuti fumbi lisalowe pansi pake. Wavala magalasi. Watchinga mphuno ndi pakamwa, pakuti fumbi la bolodi si labwino m'mapapo. Akuyatsa kamakina kodulira, ka gudumu laling'ono lozungulira mothamanga. Sadula pamzere penipeni. Amadula kunja kwa mzere, n'kusiya kampata. Dzanja likanjenjemera, likaterereka pang'ono chabe, gudumu lija lidya kanjira kofunika, ndipo makina afa.

Akamaliza kudula, ntchito sinathe. M'mphepete modulamo muja, sowo imakhala itapaka mkuwa wa gawo lina kukhudza wa gawo linzake. Imeneyo ndi shoti. Ndiye amatenga sandipepa. Amayamba ndi wokhakhala, kenako wosalalirapo, kenako wosalala kwambiri. Amapala mpaka magawo aja ataoneka bwino m'mphepetemo, lililonse palokha. Akatero amatenga mita yoyezera magetsi. Amayeza njira iyi ndi iyo, kuona ngati zikukhudzana. Zikakhudzana, abwerera ku sandipepa. Ayezanso. Apalanso. Batire saligwira n'komwe mpaka mita itavomera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Bolodi imene inali yodzaza bokosi lonse imatsala yokwana pachikhatho. Pamatsala ubongo wa makinawo, chojambula zithunzi, ndi posungira zinthu. Koma pali tizipangizo tina tofunika timene timapita ndi zidutswa zotayidwa zija. Chitsanzo ndi ka Bluetooth, kamene kamalumikiza makina ndi padi yopanda waya. Kameneko amakachotsa n'kukalumikizanso ndi timawaya topyapyala zedi. Pamafunika chowotcherera cha nsonga yosongoka, mtovu pang'ono, ndi galasi lokulitsa zinthu. Okonza mafoni mukundimva. Imeneyi ndi ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku.

Ndibwereze mfundo ija. Luso lagona podziwa podula. Munthu sangadule bwino chinthu chimene sakuchimvetsa. Ayenera kudziwa ntchito ya kachipangizo kalikonse, kuti adziwe chotaya, chosunga ndi chosamutsa.

Tipite pa nkhani ya magetsi, ija ndinati muisunge.

Adaputa ya Wii imapereka mavolti 12. Koma ubongo wa makinawo sufuna ochuluka choncho. Umafuna pafupifupi volti imodzi yokha. Tizipangizo tina timafuna oposa atatu pang'ono. Pabolodi yathunthu pamakhala mbali imene imagawa magetsi amenewa, aliyense n'kulandira mlingo wake. Koma mbali imeneyo imapita ndi sowo. Ndiye mmisiri amaika zogawira magetsi zatsopano, zing'onozing'ono, zosataya mphamvu yambiri. Apa kulakwitsa waya mmodzi n'kokwanira. Ukatumiza magetsi ochuluka kunjira ya volti imodzi, IC imapsa nthawi yomweyo. Ntchito ya masabata ambiri yathera pomwepo.

Mabatire ake ndi a lithium, mtundu womwe uja uli m'mafoni, m'malaputopu ndi m'ma power bank. Apa ndilankhule motsindika, chifukwa ndi nkhani ya moyo. Batire la lithium likabooka, likapanga shoti, kapena likatchajidwa mopyola muyeso, limatha kuyaka moto. Moto wake ndi waukali. Ambiri tinaonapo batire la foni litatupa mpaka kukankha chivundikiro. Limenelo ndi chenjezo. Ndikudziwa kuti achinyamata ena amaphwasula mabatire a malaputopu akufa, n'kutengamo timabatire tozungulira tija kuti apangire tochi kapena power bank. Ngati mukuchita zimenezo, musalumikize popanda kabolodi koteteza batire. Lotupa, lophwanyika kapena ladzimbiri, lisiyeni. Ndipo musatchaje chinthu chopanga nokha pamatiresi inu n'kugona. Phukusi la moyo umasunga wekha.

Chenjezo lina ndi ili. Makina ena, monga PlayStation yoyamba ija ndi PlayStation 2 yonenepa, ali ndi mbali yolandira magetsi a kukhoma m'kati mwa bokosi momwemo. Mbali imeneyo imatha kusunga magetsi ngakhale mutazula pulagi. TV zakale za chimsana zija ndiye n'zoopsa koposa. Mwana asatsegule zimenezi payekha.

Nanga kutentha? M'bokosi lalikulu mpweya umayenda momasuka. M'kabokosi ka m'manja zonse zapanikizana, ndipo batire lili pafupi ndi IC yotentha. Choncho pamafunika kachitsulo koyamwa kutentha, kafani, ndi timabowo tolowera ndi kutulukira mpweya. Woiwala zimenezi amasewera mphindi zochepa, makina n'kuzima okha.

Zotsalazo tidutsepo mwachangu. Sikirini, amisiri oyambirira ankachotsa ku tima TV ta m'thumba, kapena ku kasikirini kamene Sony inkagulitsa kolumikiza ku PlayStation yaing'ono yotchedwa PSone. Ena anatulukira kuti timasikirini ta m'galimoto, tija toonetsa kumbuyo pobwerera, timagwira bwino ntchitoyi ndipo n'totsika mtengo. Mabatani amachokera ku padi yakale. Chikuto kale ankachiumba ndi zidutswa za pulasitiki, guluu, ndi fila yemwe uja amamatira galimoto yophwanyika. Masiku ano ambiri amachijambula pakompyuta n'kuchitulutsa ndi makina a 3D.

Pali kanthu kena ka Wii kamene ndikufuna mukamve. Makina amenewa amabwera ndi kandodo koika pamwamba pa TV, kothandiza padi kudziwa kumene mukuloza. Ambiri amaganiza kuti m'kandodomo muli nzeru zakuya. Ayi. Muli timagetsi chabe, totulutsa kuwala kumene maso athu saona. Kamera ili m'padi. Ngakhale makandulo awiri oyaka amatha kugwira ntchito ya kandodoko. Ndiye wopanga Wii ya m'manja amangoika timagetsi totere m'mbali mwa sikirini, basi. Mwaona? Chinthu ukachimvetsa, mantha amatha.

Ena anafika nazo patali. Mmisiri wina analowetsa Wii m'kachitini ka maswiti a Altoids, kachitini kolowa m'thumba la malaya. Inkagwira ntchito ndithu. Koma batire lake linkatha m'mphindi pafupifupi khumi. Iye ankadziwa zimenezo asanayambe. Ankafuna kuona malire a kuchepa kwake.

Tsopano tifike pa funso limene ambiri muli nalo. N'kuvutikiranji? Si pali mafoni? Si pali makina a m'manja opangidwa kale?

Funso limeneli ndi labwino, ndipo ndiliyankha moona. Inde, foni yabwino imatha kusewera magemu ambiri akale kudzera m'pulogalamu yotsanzira makina akalewo. Inde, mu 2017 Nintendo inatulutsa Switch, imene umasewera pa TV, ukafuna n'kuinyamula m'manja. Mu 2022 kampani ya Valve inatulutsanso Steam Deck. Ndipo ndisakunamizeni, kupanga nokha sikupulumutsa ndalama. Sikirini, mabatire, zogawira magetsi, zambiri n'zoitanitsa kunja. Ndi mmene ndalama zakunja zikuvutiramu, mtengo wake ungapose wa chinthu chogula m'sitolo. Amene cholinga chake n'kungosewera, agule chopangidwa kale.

Eni luso limeneli amayankha kuti chotsanzira sichifanana ndi chenicheni. Amati pa makina enieni gemu imayenda ndendende mmene anaipangira, phokoso lake, liwiro lake, popanda kudodoma. Zimenezo n'zoona nthawi zambiri. Koma kwa ine phindu lalikulu lili pena. Munthu amene wamaliza ntchito imeneyi amatuluka ali wina. Waphunzira kuwerenga mapu a bolodi. Waphunzira kugawa magetsi. Waphunzira kusamala batire, kuchotsa kutentha, kujambula chikuto. Nanga inveta ya sola ikafa, sipafunika nzeru zomwezi? Nanga makina a m'chipatala akaima chifukwa cha kachipangizo kamodzi kakupsa? Gemu ndi khomo chabe limene mwana amalowera mosangalala.

Pali ena amene amadandaula kuti kudula makina akale n'kuononga mbiri. Dandaulo lawo lili ndi mutu. Makina osowa, amene anatsala ochepa padziko, asadulidwe. Asungidwe athunthu. Koma taganizani za makina amene ali m'nyumba zathu zambiri. Achibale anabwera nawo kuchokera ku Joni kapena ku UK. Anagwira ntchito zaka zingapo. Kenako anayamba kukana kuwerenga chimbale. Mmisiri anati lens yafa. Lero ali pamwamba pa kabati, achita fumbi, akudikira tsiku lopita kudzala. Komatu chimene chinafacho n'chomwe chija amisiri amayamba kuchotsa. Ubongo wake ukhoza kukhala uli moyo. Ndibwereze. Makina amene lens yake inafa, nthawi zambiri bolodi yake imakhala ili bwino. Musafulumire kutaya.

Ndipo manja ogwira ntchito yotere tili nawo. Pitani ku Limbe, pitani kumsika wa Lilongwe, pitani ku Mzuzu kapena ku Chipata. Mupeza mnyamata kapena mtsikana ali pakabenchi, akusintha polowera tchaja pa foni, kachipangizo koti ena sitingakagwire n'komwe ndi zala. Ameneyo kudula bolodi ya Wii sikungamukanike. Chimene amasowa ndi zipangizo, mapu, ndi nthawi yoyeserera popanda kasitomala womuimirira pamutu.

Kwa makolo, ndili ndi pempho. Mwana akatsegula wailesi yakufa kuti aone za m'kati, musathamangire chikwapu. Mufunseni chimene waona. Mupezereni ina yakufa. Ngati pafupi pali mmisiri wokhulupirika, mupempheni kuti mwanayo azikhala pambali pake Loweruka. Chachikulu, mutalikitseni ndi magetsi a kukhoma ndi mabatire otupa.

Kwa achinyamata amene mtima wayamba kale kudumpha, musayambire pa sowo. Yambani ndi kuwotcherera waya pabolodi yakufa, mpaka mtovu wanu uzigwira bwino, wosalala, wosakhudza poyandikana. Kenako konzani padi imene batani lake lasiya kugwira. Kenako yesani kulumikiza kasikirini ku makina athunthu, osadula kalikonse. Phunzirani kugwiritsa ntchito mita, chifukwa ndiyo imakuuzani zimene maso sangaone. Sowo ibwere pomalizira. Ndipo pamene simukumvetsa, funsani odziwa. Safunsa anadya phula.

Mawu amodzi pa magemu enieniwo. Kuchotsa chowerengera chimbale sikutanthauza kuti magemu asanduka aulere. Amisiri osamala amakopera kuchokera ku zimbale zawo zimene anagula. Oimba athu akhala akulira kwa zaka zambiri chifukwa cha anthu okopa nyimbo zawo osalipira. Opanga magemu nawonso ndi anthu, anakhetsa thukuta.

Nthawi yathu yatha, omvera. Koma ndili ndi funso loti mundithandize. Kodi kwanuko kuli mmisiri amene anayesapo ntchito yotereyi? Kaya anachepetsa makina a magemu, kaya anawapatsa batire kuti azigwira magetsi akathima, kaya anapangira mnzake wolumala padi yapadera? Tilembereni, kapena tiimbireni kuno kuwailesi. Mutiuze kumene ali ndi chimene anapanga, kuti tidzamuitane adzatifotokozere yekha mmene anachitira.